Ndalama za USDT zikapanda kuoneka m'foni, musathamangire kwa ongodzipereka

Makolo ndi achinyamata a m'boma la Marávia amene ali ndi abale ogwira ntchito ku Johannesburg, ku Lusaka kapena mumzinda wa Tete akuyenera kutchera khutu pa nkhani ya ndalama zatsopano zoyenda pa intaneti, zimene ena akuzitcha kripito. Kale mwana wa ku Joni ankapatsira ndalama dalaivala wa basi kapena mnzake wobwerera kumudzi. Masiku ano ena mwa anawa amangoimba foni nkunena kuti atumiza USDT, mng'ono wawo amene ali ndi foni yaikulu atsegule chikwama aone.

Vuto limayamba pamene mng'onoyo watsegula chikwamacho nkupeza mulibe kanthu. Wa ku Joni akulumbira kuti watumiza, wa kumudzi akulumbira kuti sadalandire, ndipo amayi amene akudikira ndalama ya feteleza kapena ya kuchipatala sakudziwa kuti akhulupirire mwana uti. Pachibale pakhoza kulowa chidani pa chinthu choti palibe amene waba. Nthawi zambiri ndalamayo imakhala itafika ndithu, koma yadzera njira ina imene chikwamacho sichidalumikizidwe nayo. Kulumikizako ndi ntchito ya mphindi zochepa ndipo sikulira ndalama, koma ndi pomweponso pamene akuba amatchera misampha yawo, podziwa kuti munthu amene ndalama yake yasowa amamvera aliyense womuuza kuti amuthandiza.

Nkhani ya njira zosiyanasiyana si yachilendo kwa anthu a kuno. Aliyense akudziwa kuti nambala yoyamba ndi 84 kapena 85 ndi ya Vodacom, ya 86 kapena 87 ndi ya Movitel, ndipo ya 82 kapena 83 ndi ya Tmcel. M-Pesa idayamba ntchito m'dziko muno mu 2013, ndipo kwa zaka zambiri munthu wa M-Pesa sankatha kutumiza ndalama molunjika kwa mnzake wa e-Mola kapena wa mKesh. Ankayenera kukatapa kwa ajenti wina, kuyenda nazo m'thumba, nkukaika kwa ajenti wa kampani inayo. Zinthu zidasintha mu 2022 pamene makampani atatuwa adalumikizidwa motsogozedwa ndi Banco de Moçambique. Ndalama za kripito zili ngati momwe zinthu zidalili chisadafike chakacho, kungoti kumeneko kulibe ofesi, kulibe ajenti wovala yunifolomu, komanso kulibe nambala yoimbako munthu akalakwitsa.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi chimene achinyamata akuchitcha blockchain. Limeneli ndi buku lalikulu la kaundula, longa lija la kwa amfumu kapena la ku posto, momwe mumalembedwa kuti uje wapereka zakutizakuti kwa uje. Bukuli silikhala m'manja mwa munthu mmodzi. Limakoperedwa m'makompyuta ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo chimene chalembedwamo sichifufutika. Mabuku otere alipo ambiri, ndipo lililonse ndilo limatchedwa netiweki. Bitcoin idayamba mu 2009, Ethereum mu 2015, Tron idayamba kuyenda payokha mu 2018, ndipo BNB Smart Chain idabwera mu 2020. Chimene chalembedwa m'buku la Tron sichipezeka m'buku la Ethereum.

Chikwama chimene chili m'foni, monga MetaMask kapena Trust Wallet, dzina lake limasocheretsa. M'kati mwake mulibe ndalama. Muli kiyi basi, kiyi yosonyeza kuti zimene zalembedwa pa dzina lanu m'buku lija ndi zanu ndipo ndinu nokha amene mungazisunthe. Kiyiyo imabisika m'mawu 12, nthawi zina 24, amene foni imakupatsani tsiku loyamba. Foni itagwera m'nyanja ya Cahora Bassa, munthu amene adalemba mawuwo papepala akhoza kugula foni ina nkupezanso ndalama zake zonse. Momwemonso, mlendo amene wamva mawuwo akhoza kukolola ndalamazo ali ku Lagos kapena ku São Paulo, foni yanu ili m'thumba mwanu.

NDALAMA IMODZI, MABUKU AMBIRI

USDT ndi ndalama yopangidwa ndi kampani ya Tether kuyambira mu 2014, ndipo cholinga chake nchakuti USDT imodzi izifanana ndi dola imodzi ya ku America. Ndi chifukwa chake anthu otumiza ndalama kwawo amaikonda kuposa Bitcoin, imene mtengo wake umakwera ndi kutsika ngati madzi a Zambezi. Koma USDT yomweyo imalembedwa m'mabuku angapo. Munthu akamatumiza kuchokera ku msika wa pa intaneti monga Binance, amafunsidwa kuti asankhe njira: ERC20 ndi ya Ethereum, TRC20 ndi ya Tron, BEP20 ndi ya BNB Smart Chain. Ambiri amangosankha yotsika mtengo osafunsa kaye wolandirayo kuti chikwama chake chikuyang'ana buku liti.

Apa pali chinthu chimene wolandira aliyense ayenera kuchidziwa pamtima. Adiresi ya pa Tron imayamba ndi T wamkulu ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 34. Adiresi ya pa Ethereum imayamba ndi 0x ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 42. Tsono adiresi yoyamba ndi 0x yomweyo imagwiranso ntchito pa BNB Smart Chain, pa Polygon, pa Base ndi pa Arbitrum, chifukwa manetiweki amenewa adamangidwa potsanzira Ethereum. Zili ngati munthu mmodzi amene dzina lake lili m'kaundula wa ku Fingoè, wa ku Chiputo ndi wa ku Malowera nthawi imodzi. Mbuzi ikalembedwa pa dzina lake m'buku la ku Malowera iye nkumakayang'ana la ku Fingoè, saipeza, koma mbuziyo ndi yake ndithu.

Ndiye ngati mkulu wanu watumiza pa BEP20 ku adiresi yanu ya 0x, inu chikwama chanu chikuyang'ana Ethereum yokha, ndalamayo sidatayike. Ikudikira kuti mutsegule buku loyenera. Nkhani imavuta pamene adiresiyo si ya chikwama chanuchanu koma ya akaunti ya ku msika wa kampani. Kumeneko kiyi amasunga ndi eni kampani, ndipo ngati salandira ndalama za pa netiweki imeneyo, kubweza kumadalira iwowo. Ena amabweza atadula kangachepe, ena amatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi zina sizitheka nkomwe.

Musadakhudze chilichonse m'chikwama, funsani wotumizayo zinthu ziwiri: dzina la netiweki imene wasankha, ndi nambala yaitali ya risiti imene imatchedwa TxID kapena hash. Buku lililonse lili ndi malo ake pa intaneti pomwe munthu aliyense angaliwerenge mwaulere. La Ethereum limawerengedwa pa etherscan.io, la BNB Smart Chain pa bscscan.com, la Polygon pa polygonscan.com, la Tron pa tronscan.org. Mukalemba nambala ya risiti ija, kapena adiresi yanu, mudzaona ngati ndalamayo yafika, yochuluka bwanji, tsiku liti. Pamenepa simufunsidwa mawu 12 aja, simufunsidwa PIN, mumangotha tima megabaiti tochepa. Mkangano wa pachibale uja umathera pomwepa, chifukwa bukulo silikondera wa ku Joni kapena wa kumudzi.

Mukatsimikiza kuti ndalama ili m'buku lakutilakuti, mpamene mungalumikize chikwama. Njira yabwino ndiyo yosafuna nzeru zambiri. Zikwama zodziwika zimabwera ndi mndandanda wa manetiweki otchuka m'kati mwake momwemo. Mu MetaMask munthu amatsegula pamene palembedwa za manetiweki, amene foni yake ili m'Chipwitikizi aona mawu oti rede, nkusankha dzina limene akufuna pa mndandandawo. Mu Trust Wallet manetiweki otchukawa amakhala alimo kale. Ngati netiweki imene mukuuzidwa kuti mulumikize siili pa mndandanda umenewo, imani kaye mudzifunse chifukwa chake mbale wanu kapena wogula katundu wanu akufuna kudzera njira imene anthu ambiri sadzeramo.

Pali njira yachiwiri, yolemba pamanja. Chikwama chimafunsa dzina la netiweki, adiresi ya RPC, nambala yotchedwa Chain ID, chizindikiro cha ndalama ya netiwekiyo, ndi malo owerengera buku. Manambala a Chain ID ndi odziwika ndipo sasintha: Ethereum ndi 1, BNB Smart Chain ndi 56, Polygon ndi 137, Base ndi 8453, Arbitrum One ndi 42161. Alembeni pachikuto cha kope. Wina akakupatsani dzina loti BNB Smart Chain koma nambala yake siili 56, dziwani kuti akukulowetsani m'nyumba ina imene angoipaka dzina pakhomo. Chikwama chenicheni chimachenjeza nambala ndi dzina zikasemphana, koma chenjezolo limabwera m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, ndipo munthu wa changu amangolidutsa. Tron siilowa m'gulu limeneli. Ili ndi adiresi yakeyake ya T ija, choncho wokuuzani kuti mulembe manambala ena kuti USDT ya pa Tron ionekere pa adiresi ya 0x akukunamizani.

MTHENGA WABODZA

Pa zinthu zisanu zija, chimene tiyenera kukhalapo nthawi ndi RPC, chifukwa ndi pamene pagona njoka. Foni yanu siingathe kusunga buku lonse la Ethereum, nlalikulu kwambiri. Imatuma mthenga, amene ndi kompyuta ina yake kutali, kuti akawerenge bukulo nkubwera kudzanena kuti pa dzina lanu pali zingati. Adiresi ya RPC ndiyo dzina la mthengayo. Mthenga sagwira kiyi yanu, choncho payekha sangatulutse ndalama m'chikwama. Koma akhoza kunama. Akhoza kunena kuti mwalandira madola 500 pamene simudalandire kanthu, ndipo foni idzaonetsa 500 yemweyo ndi mtima wonse. Amaonanso adiresi yanu ndi kumene foni yanu ikulumikizira, ndipo akhoza kusunga zimenezi.

Chinyengo chotere chidachitikapo. Mu April 2024 kampani ya zachitetezo cha pa intaneti ya SlowMist idafotokoza za akuba amene ankakumana ndi anthu maso ndi maso pa malonda a USDT. Ankayamba ndi kuuza munthu kuti aike chikwama chenicheni, chosakayikitsa, kenaka nkumutumizira kandalama kochepa kenikeni kuti awakhulupirire. Atatero ankamuuza kuti asinthe adiresi ya RPC, aike imene iwo amupatsa. Kuyambira pamenepo foni inkaonetsa ndalama zambiri zimene m'buku lenileni mudalibe. Munthuyo ankapereka zake poganiza kuti walipidwa, ndipo ankazindikira pambuyo pake, poyesa kutumiza ndalamazo kwina, eni ake atapita kalekale.

Ganizirani za msodzi wa kapenta m'mbali mwa nyanja, mlimi amene akugulitsa ng'ombe, kapena mnyamata wokumba golide amene wakumana ndi wogula wochokera kutali. Wogulayo akuti ndalama zapepala alibe, alipira pa foni, ndipo akudzipereka yekha kuti akonze foni ya wogulitsayo kuti ndalama ilowe msanga. Foni ikapita m'manja mwa wogula, malondawo aonongeka kale. Wogula asagwire foni yanu, ndipo chimene foni yanu ikuonetsa chisakhale umboni wokhawo. Tengani foni ya munthu wina amene mumamudziwa, mulembe nokha bscscan.com kapena tronscan.org ndi zala zanu, muikemo adiresi yanu. Zikaoneka kumeneko, katundu anyamuke. Zikapanda kuoneka, ng'ombe ibwerere m'khola.

Amene akufunadi kulemba RPC pamanja aitenge pa tsamba la eni netiwekiyo, kapena pa chainlist.org pomwe pamasonkhanitsidwa maadiresi amenewa, ndipo dzina la tsambalo alilembe yekha. Asadine ulalo wobwera pa WhatsApp, pa Telegram kapena pa Facebook, ngakhale wochokera kwa mnzake wa kutchalitchi, pakuti mnzakeyo mwina naye adangoulandira. Asadinenso zotsatsa malonda zimene zimakhala pamwamba munthu akafufuza pa Google, chifukwa akuba akhala akugula malo amenewo nkuikapo masamba ofanana ndi enieni, osiyana chilembo chimodzi chokha.

Tinenenso chinthu china momveka. Kuonjezera netiweki sikufuna mawu 12, sikufuna malipiro, ndipo sikufuna kusaina. Tsamba lililonse, kapena munthu aliyense wodzitcha wa ku ofesi ya MetaMask kapena ya Trust Wallet, amene angakuuzeni kuti mulembe mawu anu kuti chikwama chikonzedwe kapena chitsimikizidwe, ameneyo ndi mbala. Makampaniwa saimbira anthu foni ndipo sayamba okha kulembera munthu pa WhatsApp. Pali msampha wina wobisika kuposa umenewu. Tsamba limayamba ndi kupempha kuti muonjezere netiweki, inu nkuvomera, kenaka nthawi yomweyo limatulutsa pempho lachiwiri looneka ngati loyamba lija. Lachiwirili limakhala chilolezo choti tsambalo lizitapa USDT yanu mopanda malire. Mukaona mawu onga Approve, Aprovar, Sign kapena Assinar pamodzi ndi dzina la ndalama yanu pamene inu mumangofuna kuona saldo, kanani. Amene adavomera kale mosadziwa angathe kufufuza ndi kuthetsa zilolezo zotere pa revoke.cash, ngakhale kuthetsako kumalira kandalama kochepa ka netiwekiyo.

Nthawi zina netiweki yalumikizidwa bwino koma USDT siikuonekabe. Apa chikwama chimafuna kuuzidwa kuti ndi ndalama iti imene chiyenera kuonetsa, ndipo ndalama iliyonse ili ndi adiresi yake yotchedwa contract. Pano mpofunika kudekha, chifukwa munthu aliyense wodziwa kompyuta akhoza kupanga ndalama yake nkuitcha USDT, chizindikiro chobiriwira chija nkuikapo. Anthu a m'malire amadziwa za ndalama yooneka ngati ndalama. Metical idachotsedwa maziro atatu mu 2006, kwacha ya Zambia idachita chimodzimodzi mu 2013, ndipo mapepala akale aja, ngakhale ali ndi manambala aakulu, lero sagula ngakhale mchere. USDT yabodza ili chomwecho. Adiresi yoona ya USDT ya pa Ethereum ndi ya pa Tron imapezeka pa tsamba la eni ake, tether.to. Ya pa BNB Smart Chain imatulutsidwa ndi a Binance ngati choimira, ndipo pa bscscan.com imadziwika ndi kuchuluka kwa anthu amene ali nayo. Ndalama zimene zangotulukira zokha m'chikwama, zimene palibe adakuuzani kuti atumiza, zisiyeni momwemo, musayese kuzigulitsa.

CHAPA SIKWEREDWA ULERE

Pali chokhumudwitsa china chimene otumiza ambiri amaiwala kuuza abale awo. Thumba la chimanga likhoza kukhala lanu, koma kuti lifike ku Tete mumalipira chapa. Pa blockchain napo kusuntha ndalama kumalipiridwa, ndipo malipirowo amaperekedwa m'ndalama ya netiwekiyo: ETH pa Ethereum, BNB pa BNB Smart Chain, TRX pa Tron, ndi POL pa Polygon, imene mpaka mu 2024 inkatchedwa MATIC. Munthu akhoza kukhala ndi USDT 200 yeniyeni koma osatha kuisuntha chifukwa alibe BNB ngakhale ya meticais ochepa. Akafika apa ena amaganiza kuti chikwama chatsekedwa, nkuyamba kufunsa m'magulu a pa foni, ndipo ongodzipereka aja amabwera ngati ntchentche. Mankhwala ake ndi apafupi. Amene watumiza USDT atumizenso kandalama kochepa ka netiweki yomweyo ku adiresi yomweyo.

Ulendo woyamba pa netiweki yatsopano ukhale wa ndalama yochepa. Atumize dola imodzi kapena ziwiri, muione, muyesenso kuibweza, kenaka ndiye abweretse yonse. Ena amaona ngati nkutaya malipiro kawiri, koma malipiro a pa BNB Smart Chain kapena pa Polygon ndi ochepa poyerekeza ndi ndalama ya fodya wa chaka chonse. Ndipo potumiza kachiwiriko, adiresi isakoperedwe kuchokera pa mndandanda wa zimene zidachitika kale. Akuba amapanga adiresi yofanana ndi yanu kumayambiriro ndi kumapeto, nkutumiza kanthu kopanda pake kuti adiresi yawoyo ilowe pa mndandanda. Mu May 2024 munthu wina adatumiza mwanjira imeneyi ndalama zotchedwa WBTC zokwana 1,155, za mtengo wa pafupifupi madola 68 miliyoni, ku adiresi ya wakuba. Iyeyo adachita mwayi, wakubayo adabweza patapita masiku. Mlimi wa ku Chipera amene wataya madola 100 palibe amene adzamusakire wakuba wake. Werengani adiresi yonse, pakati pomwe, wina akuwerenga mokweza wina akuyang'ana.

Za milatho tingodutsapo mwachidule. Pali masamba amene amasamutsa ndalama kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina, ndipo amatchedwa milatho, koma musaganize kuti ndi yolimba ngati wa Samora Machel kapena wa Kassuende. Mu February 2022 mlatho wa Wormhole udabedwa ndalama zoposa madola 300 miliyoni, ndipo mwezi wotsatira wa Ronin udabedwa zoposa 600 miliyoni. Masamba abodza odzitcha milatho ndiye ndi osawerengeka. Munthu wa kumudzi alibe chifukwa chokwerera mlatho wotere. Afunse kaye amene adzamusinthire ndalamayo kuti amalandira pa netiweki iti, ndipo wa ku Joni atumize pa imeneyo kuyambira pachiyambi.

Boma likuti bwanji? Mu 2018 Banco de Moçambique idachenjeza anthu za Bitcoin, kunena kuti siiyang'anira malonda ake ndipo siidzayankha mlandu munthu akataya chuma chake. Mu 2023 bankiyo idatulutsa lamulo loti makampani ochita ntchito za ndalama zoterezi azilembetsa kwa iyo. Tsidya lino la malire ndalama yovomerezeka polipira ikadali metical. Tsidya linalo, Bank of Zambia idanenanso mu 2018 kuti kripito si ndalama yovomerezeka ndi lamulo. Ku South Africa, bungwe la FSCA lidalengeza mu October 2022 kuti ochita malondawa ayenera kukhala ndi chiphaso, patapita zaka ziwiri kuchokera pamene kampani ya Mirror Trading International idagwa mu 2020. Kampani imeneyo inkalonjeza phindu la mwezi ndi mwezi, ndipo akuluakulu a ku America adaiimba mlandu wotolera Bitcoin ya mtengo woposa madola 1.7 biliyoni. Tanenera zimenezi chifukwa chinyengo cha mtundu umenewu chimakondanso kubwera ndi netiweki yakeyake, kapena ndalama yakeyake, imene amati muionjezere m'chikwama kuti muziona phindu lanu likukula tsiku ndi tsiku.

Kwathu kuno kuli mavuto ena amene olemba malangizo a ku Ulaya sawaganizira. Mafoni ambiri amatchajidwa pa kantini kapena kwa ometa tsitsi, nkusiyidwa komweko theka la tsiku. Foni imodzi imagwiridwa ndi banja lonse. Choncho chikwama chikhale ndi PIN yakeyake yosiyana ndi yotsegulira foni, ndipo mawu 12 aja asajambulidwe chithunzi, asasungidwe m'mauthenga, asatumizidwe pa WhatsApp ngakhale kwa mbale amene adakutsegulirani chikwamacho. Kunena zoona, chikwama chimene wina adakutsegulirani ali kutali, mawu ake nkukutumizirani, si chanu nokha. Tsegulani chanu chatsopano, musamutsiremo ndalamazo. Pepala la mawuwo likulungidwe m'pulasitiki nkuikidwa m'chitini, poopa chiswe, mvula ndi moto wa denga la udzu.

Rede nayo imavuta. Munthu amakwera pachulu kuti aipeze, ndipo kufupi ndi malire foni nthawi zina imagwira ya ku Zambia. Rede ikaduka inu mutadina kale kuti ndalama ipite, musadinenso kachiwiri. Yambani mwaona m'buku lija ngati yoyamba yapita, chifukwa mukatumiza kawiri palibe woti mumudandaulire.

Palinso nkhani ya maliro, imene achinyamata sakonda kuimva. Ndalama ya ku banki, mwini wake akamwalira, abale amapita ndi makalata nkuitsata. Ya m'chikwama chotere ikapita ndi mwini wake kumanda, yapita basi, ngakhale amfumu, amalume ndi a khoti atagwirizana kuti ndi ya ana amasiye. Amene akusunga ndalama yochuluka ndithu auze munthu mmodzi wokhulupirika, kaya mkazi wake kaya mwinimbumba, kumene kuli pepala lija, ndiponso kuti ndalamazo zili pa netiweki iti. Opanda dzina la netiwekiyo, olowa m'malo akhoza kutsegula chikwama, nkuona ziro, nkutaya pepalalo.

Ife tikuona kuti pa banja limene mulibe munthu wotha kuwerenga tsamba longa bscscan.com payekha, ndi bwino wa ku Joni apitirize kutumiza kudzera ku makampani olembetsedwa monga Mukuru, ngakhale amadula kangachepe. Kutchipa kwa USDT kumaoneka pa nthawi yotumiza, koma ndalamayo siigula sopo ku Fingoè mpaka itasinthidwa kukhala meticais kapena makwacha, ndipo wosinthayo naye amadya pake.

Kusinthako nakonso kuli ndi mbuna yake. Ambiri amagulitsa USDT kwa munthu wina amene amawalipira pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Ngati malondawo akuchitikira pa msika wa pa intaneti, kampani imagwira USDT yanu pakati mpaka inu mutavomera kuti mwalandira. Wogula wachinyengo amatumiza chithunzi cha risiti, kapena uthenga wolembedwa mofanana ndi wa kampani ya foni, nkumakukakamizani kuti mumasule msanga poti iye ali pa changu. Ena amapempha kuti muchoke pa msikawo mukamalizire nkhani pa WhatsApp, kumene kulibe wogwira pakati. Musavomere. Imbani nokha *150# ngati ndi M-Pesa kapena *898# ngati ndi e-Mola, muone saldo ndi maso anu, muonenso kuti dzina la wolipirayo likufanana ndi limene lili pa msika, kenaka ndiye mumasule USDT.